Cikho ca Woumba Njerwa

M'mbali mwa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata muli midzi yambiri imene iri ndi masukulu a njerwa zofiira. Zambiri za njerwa zimenezo sizinagulidwe ai. Anaziumba makolo a pamudzi ndi manja ao. Ana amene alowa m'zipindamo m'mawa uli wonse saganizako kawiri-kawiri za nchito imeneyo, pakuti khoma likaima ndi kupakidwa njereza, thukuta la anthu silionekanso. Nkhani ino ndi ya sukulu ina yotere, ndiponso ya mkulu wina amene anadziwa masamu osadziwa kulemba ngakhale dzina lace.

Zinacitika m'zaka za m'ma 1950, dzina la dziko liri Northern Rhodesia, ndi la Chipata liri Fort Jameson. Sukulu ya pamudzipo inali ya mitengo yomata ndi dothi, ndipo inalekeza pa Standard 2. Mwana wofuna kupitirira anayenera kuyenda mamailosi 9 kunka ku sukulu ina, ndi kuoloka mtsinje umene unali kudzala m'dzinja. Anyamata ena analimbika. Asungwana ambiri anangoleka. Tsiku lina m'mwezi wa Ogasiti kunadza mkulu woyang'anira masukulu, nasonkhanitsa anthu patsinde pa mkuyu, nawauza kuti ngati mudzi uocha njerwa zabwino 18,000 caka comweco, iye adzatumiza mmisiri womanga, malata a denga, ndi mphunzitsi waciwiri, kuti Standard 3 iyambe pomwepo. Koma zikalephereka, malatawo adzanka ku mudzi wina umene unalikupempha zomwezo. Amuna anaomba m'manja, akazi naimba nthungululu. Koma mwezi wa Ogasiti unatha ndi kufolera nyumba ndi kumwa mowa wa masika, ndipo khasu loyamba linagwa pa culu Sepitembala atayamba.

Mwini nchitoyo anali mkulu wina wa imvi, amene pa unyamata wace anagwira nchito zaka zambiri ku minda ya fodya ya Azungu kufupi ndi Fort Jameson, kuumba njerwa za nyumba zoumitsiramo fodya. Kumeneko ndiko anaphunzira mgwazo. Kapitao anali kuuza munthu kuti, lero uumbe njerwa zakuti. Akatsiriza msanga, anali mfulu kunka kwao dzuwa likali pamutu. Akacedwa, mdima unampeza m'matope. Munthu wogwira mgwazo zaka khumi adziwa muyeso wa manja ace monga adziwa njira ya ku munda kwace. Mkuluyo anali ndi cikho cakale ndi thumba la mbeu za cimanga. Njerwa zonyowa anali kuziyala pabwalo m'mizere, mzere uli wonse njerwa 50, ndipo mzere ukatha anali kuponya mbeu imodzi m'cikhomo. Limenelo ndilo linali buku lace, ndipo ciswe cokha ndico cikadatha kulinamiza.

Kuumba njerwa si nchito ya munthu mmodzi. Amuna akumba dothi la pa culu naliphwanya. Akazi athira madzi. Anyamata aponda ndi mapazi kufikira matope asalala, opanda miyala kapena mizu. Woumba aima m'dzenje lofika m'cuuno, anyowetsa cikombole, aponyamo cibuma ca matope ndi mphamvu kuti ngondya zonse zidzale, nasalaza pamwamba ndi kathabwa. Pomwepo wonyamula athamanga naco cikombole kunka pabwalo losesa bwino, nacibvundikira pansi mosamala, ena nafunditsa njerwazo udzu kuti dzuwa lingazing'ambe. Mmodzi mwa onsewa akaima, onse aima.

Pakati pa onyamula panali mdzukulu wa mkuluyo, mnyamata wa zaka 15. Iye anatsiriza Standard 4 ku sukulu yakutali ija, koma ndalama za kupitirira zinasowa, ndipo anakhala pamudzi ndi mtima wowawa, kuyesa kuti zonse anaphunzira zapita pacabe. Tsiku loyamba agogo ace anamfunsa kuti, "Mdzukulu wanga, iwe wa ku sukulu, afuna njerwa zabwino 18,000. Koma pa njerwa khumi ziri zonse, imodzi itayika. Ina ing'ambika pouma, ina siipsa, ina ipserera. Tsono tiumbe zingati?" Mnyamatayo analemba pansi ndi kamtengo. Anapeza kuti gawo lakhumi la 18,000 ndi 1,800, naonkhetsa, nayankha msanga kuti, "Tiumbe 19,800, Agogo." Mkuluyo anapukusa mutu. Anayala mbeu khumi pa cikhato, nacotsapo imodzi, nati, "Zolowa khumi, zoturuka zisanu ndi zinai. Nanga zoonjezera zakozo sizidzasweka kodi?" Mnyamatayo anacita manyazi, nayesanso. Gawo lakhumi la 19,800 ndi 1,980. Zimenezo zikatayika, zitsala 17,820 zokha, ndipo zisowa 180. Njira yoona ndiyo kufunsa kuti, m'kati mwa 18,000 muli magulu angati a 9? Muli 2,000. Gulu liri lonse la 9 licokera ku njerwa 10 zoumbidwa. Cifukwa cace anayenera kuumba 20,000, ndiko kuti mbeu 400 m'cikho.

Mudzi unapangana kugwira masiku asanu pa sabata, kuyambira Lolemba kufikira Lacisanu. Sabata yoyamba inayenda bwino ndithu. Anthu anaimba pa nchito, ndipo mizere ya njerwa inadzaza bwalo kotero kuti odutsa m'njira anaima kuyamikira. Madzulo a Lacisanu mkuluyo anakhuthula cikho, ndipo munali mbeu 50. Anthu anati, tagwira nchito, ndipo palibe anakaika kuti malata adzadza.

Koma mnyamata uja, pokumbukira manyazi ace a tsiku loyamba, anakhala yekha kuseri kwa nkhokwe, nalembanso pansi. Mbeu 50 ndizo njerwa 2,500. Pozigawa ndi masiku 5, anapeza njerwa 500 pa tsiku limodzi. Ici ndico cinsinsi conse ca masamu otere: munthu ayambe wapeza za tsiku limodzi, kapena za munthu mmodzi, kapena za ulendo umodzi, akapeza cimodzico, angathe kuculukitsa kuti adziwe za masiku ambiri, kapena kugawa kuti adziwe masiku ofunika. Tsono iye anagawa 20,000 ndi 500, napeza masiku 40 a nchito, ndiwo masabata 8. Njerwa yotsiriza ikadaturuka m'cikombole kumapeto kwa Okutobala. Pambuyo pace panafunika masabata awiri a kuumitsa, sabata imodzi ya kumanga ng'anjo, ndi masiku anai a moto, usana ndi usiku. Zonsezo zinafikitsa nchito ku sabata yotsiriza ya Novembala.

Mwana ali yense wa kum'mawa adziwa kuti mvula ya dzinja iyamba m'mwezi wa Novembala, ndipo zaka zina mvula yozima lupsa igwa Okutobala asanathe. Njerwa yosaocha ndi dothi cabe. Mvula yaikulu ya usiku umodzi ingathe kusungunula nchito ya miyezi iwiri, ndi kubwezera culu ku culu.

Pamenepo mnyamatayo anawerenga cobwerera m'mbuyo. Kuti moto uzime Novembala asanalowe, kuumba kunayenera kutha pa sabata yacisanu. Sabata imodzi inali itapita. Anatsala masiku 20, ndi njerwa 17,500. Pogawa anapeza 875 pa tsiku. Anafufuta ndi phazi nayesanso kawiri, koma yankho silinasinthe.

Si capafupi kuti mwana auze akulu kuti cimwemwe cao ciri colakwa. Iye anadikira usiku, agogo ace ali okha pamoto, nagwada pambali, nati, "Agogo, ndiri ndi kanthu, koma ndiopa kunena." Atafotokoza, mkuluyo anakhala cete nthawi yaitali. Sanakhulupirire zolemba pansi, ndipo sanazikanenso. Anatenga mbeu 400, napatula 50, nagawa zotsalazo milu 20. Mulu uli wonse unalandira mbeu 17, ndipo khumi zinatsala m'dzanja lace. Anati, "Wanena zoona. Mbeu khumi pa tsiku sizitipulumutsa. Maso anga anaona bwalo lodzala, naiwala kuyang'ana kumwamba." Mnyamatayo anati, "Nanga tikawerengako ndi masiku a Loweruka, Agogo?" Mkuluyo anakana, nati, "Loweruka usaliwerenge. Lisiye m'thumba." Mnyamatayo sanamvetse, koma sanafunse.

M'mawa mwace anakauza amfumu. Amfumu anaitana mudzi wonse, nati, "Mutu umodzi susenza denga. Tinali ndi woumba mmodzi, tikhale nao awiri. Tinali ndi otunga madzi asanu, akhale khumi." Mmisiri wa matabwa anakhoma cikombole caciwiri, ndipo anthu pa nchito anaculuka kawiri. Pa masamu a pa sileti yankho linali loonekeratu: ngati gulu limodzi liumba 500, magulu awiri aumba 1,000.

Koma Lolemba madzulo m'cikho munagwa mbeu 12 zokha. Laciwiri 12. Lacitatu 12. Sabata yonseyo inapereka njerwa 3,000, ndizo 600 pa tsiku. Dzuwa lisanafike pamutu, oponda matope anali kukhala pamthunzi, oumba ataimirira m'maenje ao manja ali m'cuuno. Tsopano zonse pamodzi zinali 5,500. Zinatsala 14,500 ndi masiku 15, ndipo mgwazo wa tsiku unakwera kufika pa 967. Nyimbo zinaleka, ndipo panayamba kulozana zala. Amuna anati akazi acedwa ndi miseche ku citsime. Ena anati masamu a mwana ndiwo adzetsa tsoka, pakuti sabata yoyamba anthu anagwira ndi mtima umodzi.

Amene anaona bvuto anali amai a mnyamatayo, mmodzi mwa otunga madzi, munthu wosalankhula pa bwalo. Iwo anamuuza mwana wao pa mtondo kuti, "Mwanawe, wawerenga manja, wawerenga zikombole. Kodi zitini wawerenga?" M'mawa mwace, Loweruka, mnyamatayo anapita ku citsime ndi amai ace, naona cimene amuna sanapite kukaona. M'cirimwe citsime cinali citatsika. Mkazi anali kutsikira pansi ndi cikho, napala madzi pang'ono-pang'ono, ena onse ali pa mzere kudikira kuti madzi abwerenso. Amai ace anawerenga naye masiku apitawo. Sabata yoyamba akazi asanu anayenda maulendo asanu yense, ndizo zitini 25 pa tsiku. Sabata yaciwiri akazi khumi anayenera kubwera ndi zitini 50. Koma citsime, atapatula madzi akumwa ndi ophikira, cinali kupereka zitini 30 zokha, ngakhale otunga akadakhala zana.

Mnyamatayo anagawa 500 ndi 25, napeza 20. Anagawa 600 ndi 30, napezanso 20. Citini cimodzi ca parafini, ca magaloni anai, cinali kuumba njerwa 20. Pamenepo zonse zinamveka. Muyeso wa nchito sunali m'manja mwa oumba. Unali pansi pa citsime. Njerwa 1,000 zinafuna zitini 50, ndipo zinali kusowa 20 tsiku liri lonse. Masamu a pa sileti sananame, koma anayankha funso limene silinali funso la mudziwo. Buku likati, anthu awiri atha nchito m'theka la nthawi ya munthu mmodzi, liyesa kuti makasu alipo awiri, ndi malo oimapo awiri, ndi madzi okwanira onse.

Mtsinje uja wa mamailosi atatu unali utaphwa, koma pamalo ena panali dziwe losauma. Munthu mmodzi pamudzipo anali ndi ngolo ndi ng'ombe ziwiri zokoka, ndipo kwa wa sitolo kunapezeka madiramu awiri. Diramu limodzi lilowa magaloni 44, ndizo zitini 11. Ulendo umodzi wa ngolo unali zitini 22. Poonkhetsa ndi 30 za ku citsime zinakwana 52, zokwanira njerwa 1,040. Mwini ngolo anadandaula, ndipo sanalakwe, pakuti m'cirimwe ng'ombe ziri zoonda ndipo posacedwa zinayenera kulima. Anabvomera ulendo umodzi wokha pa tsiku, mbandakuca dzuwa lisanatenthe, pa mtengo wa masheleni awiri. Masiku 15 anafuna masheleni 30. Masiku amenewo kwaca ndi ngwee kunalibe, pakuti zinadza m'caka ca 1968. Sheleni imodzi inali makobiri 12, ndipo masheleni 30 anali makobiri 360. Nyumba za pamudzipo zinali 60, tsono nyumba iri yonse inasonkha makobiri 6. Amai ena amasiye analibe kobiri, napereka nkhuku.

Kuyambira pamenepo mbeu 20 zinagwa m'cikho tsiku ndi tsiku. Njerwa 14,500 pa muyeso wa 1,000 zinafuna masiku 14 ndi theka, ndipo masiku analipo 15. Mnyamatayo anakondwa, nauza anzace kuti atsala ndi theka la tsiku lopuma. Agogo ace sanaseke naye.

Muyeso wa tsiku limodzi uli ngati nkhope ya munthu woimira mudzi wonse: afanana ndi abale ace, koma palibe mbale wofanana naye kweni-kweni. Ngakhale nchito zazikulu za maiko ziyenda motero. Njanji ya TAZARA, yocokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, iri ndi makilomita 1,860, ndipo inamangidwa kuyambira 1970 kufikira 1975. Wogawa mtunda umenewo ndi masiku a zaka zisanu apeza ngati kilomita imodzi pa tsiku. Koma pakati pa Mlimba ndi Makambako, m'dziko la Tanzania, kumene kuli mapiri, zigwa ndi matope, omanga anaboola mapiri ndi kumanga milatho yambiri, ndipo nchito inakwawa. Atafika pa cidikha ca kumpoto kwa Zambia inathamanga. Kilomita imodzi ija ithandiza poganiza, koma masiku eni-eni sanali olingana.

Sabata yacitatu inapereka 5,000, zinatsala 9,500. Sabata yacinai, Lolemba ndi Laciwiri, 2,000, zinatsala 7,500. Usiku wa Laciwiri kunamveka kulira ku nyumba ya kumapeto kwa mudzi: agogo ena aakazi, amene anadwala nthawi yaitali, anatisiya. Palibe anakhudza cikombole Lacitatu ndi Lacinai, ndipo palibe anayenera kutero. Makasu a pa culu anakakumba manda, ndi otunga madzi anatungira olira. Mnyamatayo anakhala pa maliro monga mwa mwambo, koma mtima wace unalikuwerenga, ndipo anadzida yekha cifukwa ca ico. Lacisanu anaumba 1,000, zinatsala 6,500. Masiku asanu a sabata yotsiriza akadapereka 5,000 zokha. Zinasowa 1,500.

Madzulo amenewo mkulu uja anaimirira pamaso pa amfumu, nati, "Mfumu, tsiku la maliro liribe mwini, ndipo silidziwika lisanadze. Ndinasunga masiku a Loweruka cifukwa ca tsiku lotere. Tsopano ndiwapempha awiri." Anthu amene akadakana kugwira Loweruka liri lonse kuyambira paciyambi, sanakane awiri okha atangocoka ku manda. Loweruka loyamba anaumba 1,000, zinatsala 5,500. Sabata yacisanu inadya 5,000. Loweruka laciwiri, dzuwa lisanafike pamutu, mbeu ya 400 inagwa m'cikho. Tsiku limenelo madzi a citsime anakwanira, ngolo siinayende, ndipo masheleni awiri anatsala m'manja mwa amfumu.

Pamene njerwa zinali kuuma, amuna anatema nkhuni za mitengo yolimba naziunjika. Kenaka anamanga ng'anjo, kusiya makomo a moto pansi pace, naimata ndi matope kunja konse. Kutentha kwa Okutobala kunakula, ndipo madzulo ali onse mitambo inaunjikana kum'mawa, niphenima kutali, nibalalikanso. Anthu ena anafuna kusonkheza moto waukulu tsiku loyamba kuti zithe msanga, koma mkuluyo analetsa ndi ukali, pakuti njerwa iyenera kuyamba yaturutsa cinyezi cace ndi moto wofatsa, kufikira utsi woyera utaleka, ukaifulumiza iphulika. Masiku anai usana ndi usiku amuna anasinthana pa makomo a ng'anjo, akumwa tii wa shuga wogulidwa ndi masheleni awiri aja. Usiku wacinai pamwamba pa ng'anjo panaoneka kufiira mu mdima. Mkuluyo anayenda mozungulira kawiri, nati, "Tsekani." Anatseka makomo ndi njerwa ndi matope.

Patapita masiku awiri, dzuwa litapendeka, mphepo inadza ndi pfumbi ndi masamba, ndipo mvula inagwa yaikulu kufikira usiku. Ng'anjo inali ikali yotentha, niturutsa nthunzi ngati mphika. Dzenje limene anali kuponderamo matope linasanduka thamanda, ndipo njerwa zong'ambika zimene anazitaya pambali osaziocha zinapezeka m'mawa ziri phala.

Itapita sabata anapasula ng'anjo. Njerwa za pamwamba zambiri zinang'ambika ndi mvula ija, ndi za m'mbali zina sizinapse bwino. Mkuluyo anali kutenga ziwiri-ziwiri naziombanitsa. Zolira ngati citsulo zinanka kudzanja lamanja, zolira ngati cikuni cofumbwa zinanka kumanzere. Pa njerwa 50 ziri zonse zabwino mdzukulu wace anaponya mbeu m'cikho, ndipo tsiku lacitatu anawerenga pamaso pa mudzi wonse. Munali mbeu 363, ndizo njerwa 18,150. Amfumu anauza mnyamatayo kuti alembe kalata kwa woyang'anira masukulu, ndipo anaitenga yekha pa njinga ya mphunzitsi, matope akumatirira ku magudumu.

Pobwera madzulo anapeza cikho ciri copanda kanthu pa khonde. Amai ace anali atatenga mbeu zonse 400, nazibzala kuseri kwa nyumba, popeza nthaka inali itanyowa.